Isaac Wauchope, m'busa amene anamira ndi sitima ya Mendi

Mbandakucha wa pa 21 February 1917, sitima yapamadzi yotchedwa Mendi inamira pa nyanja ya English Channel, kumwera kwa chilumba cha Isle of Wight ku England. Anthu 646 anatsikira kulichete tsiku limenelo, ndipo 607 mwa iwo anali amuna akuda ochokera kumwera kwa Africa, amene ankapita ku France kukagwira ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa gulu lonselo, dzina limene silisowa pakamwa pa anthu a ku South Africa ndi la m'busa Isaac Williams Wauchope, amene ena amangomutchula kuti Isaac Dyobha. Amamukumbukira chifukwa cha mawu amene akuti analankhula sitimayo ili m'kati momira. Komatu mkuluyu anali ndi zaka 64, ndipo zaka zimenezo sanazithe atapinda manja.

Kodi Wauchope anali yani?

Anali Mxhosa, wobadwa mu 1852 ku Doornhoek, kufupi ndi tauni ya Uitenhage, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Eastern Cape. Chikhristu sichinali chachilendo kwawo. Makolo ake akale anali m'gulu la anthu oyambirira kutsatira mmishonale Johannes van der Kemp, amene anatsegula mishoni ya Bethelsdorp kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Motero Isaac anakulira pakhomo pamene buku linali chinthu chozolowereka kale, pa nthawi imene Axhosa anzake ankamenya nkhondo zotsatizana ndi atsamunda, malo ndi ng'ombe zikuwapulumuka m'manja. Mu 1874 anakayamba maphunziro ku Lovedale, sukulu ya amishoni a ku Scotland imene inasula akuda ambiri ophunzira a m'nthawi imeneyo. Mayina akuti Dyobha ndi Citashe, amene amapezeka pa zolemba zake ndi pa zolemba za iye, ndi mayina a makolo ake.

Nanga akukhudzana bwanji ndi Malawi?

Mishoni ya Livingstonia itakhazikitsidwa ku Cape Maclear mu 1875, panafunika anthu ena oti akathandize Dr Robert Laws ndi anzake. Chaka chotsatira, Dr James Stewart, yemwe anali mkulu wa Lovedale, anafunsa ophunzira ake ngati alipo amene angalole kupita naye kunyanja. Pa amene anadzipereka anasankhapo anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Njira yake inali ija yovuta ya masiku amenewo, kuyenda panyanja yamchere mpaka ku Quelimane, kenako kukwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, m'chigwa cha kutentha ndi udzudzu.

Wauchope ulendowu sunamuyanje. Anagwidwa ndi malungo oopsa, ndipo patangopita miyezi yochepa anamubweza kwawo. Kwa mnyamata wa zaka 24 amene ananyamuka anthu akumuimbira nyimbo ngati mtumiki wa uthenga, kubwerera chimanjamanja chinali chinthu chowawa. Koma taonani zimene zinagwera anzake. Mngunana anamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Ntintili anagwira ntchito zaka zingapo n'kubwerera kwawo. Koyi ndiye anakhazikika, ndipo popeza Chixhosa n'chapachibale ndi Chingoni, ndiye anatsegula khomo lakuti amishoni alankhulane ndi Angoni a M'mbelwa. Anamwalira ku Njuyu mu 1886. Pa anayi aja, awiri manda awo ali kwathu kuno.

Tikamakamba za amene anabweretsa sukulu ndi uthenga kunyanja kuno, pakamwa pathu pamafulumira mayina a azungu okhaokha. Anyamata anayi a ku Lovedale awa sitiwachitira chilungamo.

Atabwerera kwawo anachita chiyani?

Anayamba ndi uphunzitsi ku Uitenhage. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'manja mwake anali Charlotte Manye, amene anadzadziwika kuti Charlotte Maxeke, mayi woyamba wakuda wa ku South Africa kupata digiri, imene anakaitenga ku yunivesite ya Wilberforce ku America. Kenako anakhala kalaliki ndi wotanthauzira pa khoti la majisitireti ku Port Elizabeth.

Ntchito yotanthauzira kukhoti imamuonetsa munthu zinthu zimene ena saziona. Umaima pakati pa woweruza ndi wozengedwa mlandu, ndipo mawu a onse awiri amadutsa pakamwa pako. Mkulu wa kumudzi akafotokoza nkhani yake mozungulira monga mwa mwambo, woweruza akuyang'ana wotchi, iwe ndiye umaona kuti mlandu ukumuipira munthu osati chifukwa walakwa koma chifukwa sadziwa kalankhulidwe ka m'nyumba imeneyo. Munthu amene wakhala pa mpando umenewo safunika kumuuza kuti mphamvu ya atsamunda sinali mu mfuti mokha. Inali m'mapepala.

Mu 1882, ku Port Elizabeth komweko, Wauchope anali mmodzi mwa amene anayambitsa Imbumba Yamanyama, limodzi mwa mabungwe oyambirira a ndale a anthu akuda ku South Africa. Cholinga chake chinali chakuti akuda asagawanike chifukwa cha mipingo, koma azilankhula ndi mawu amodzi pa nkhani za dziko. Kumbukirani kuti apa n'kuti kudakali zaka 30 kuti bungwe limene linadzakhala ANC libadwe mu 1912. Analinso wolimbikira kwambiri m'gulu lolimbana ndi kumwa mowa. Mu 1888 anabwerera ku Lovedale kukaphunzira zaubusa, ndipo mu 1892 anakhala m'busa wa mpingo wa Congregational ku Fort Beaufort ndi Blinkwater. Ali kumeneko analowa nawo m'gulu la amene ankayenda uku ndi uku kupempha kuti pakhale koleji ya anthu akuda. Koleji imeneyo ndi Fort Hare, imene inatsegulidwa mu 1916, ndipo pakati pa amene anadzaphunzirako panali Nelson Mandela, Robert Mugabe, komanso Amalawi monga Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere.

Akuti analinso mlembi. Ankalemba zotani?

Ankalemba pafupifupi chilichonse chimene nyuzipepala ingasindikize: makalata, nkhani za ndale ndi za mpingo, mbiri ya anthu ake, mafotokozedwe a miyambi ya Chixhosa, ndi ndakatulo. Zambiri zinkatuluka mu Isigidimi samaXosa, nyuzipepala ya ku Lovedale, kenako mu Imvo Zabantsundu, imene John Tengo Jabavu anayambitsa mu 1884. Ndakatulo yake yodziwika kwambiri inatuluka mu 1882 pa dzina lakuti Citashe. Nkhondo yomaliza ya Axhosa ndi atsamunda inali itangotha kumene zaka zochepa m'mbuyomo, Axhosa atagonja, ndipo uthenga wa ndakatuloyo unali wakuti zimene zinalandidwa sizidzabweranso ndi zida, koma ndi cholembera. Mpaka lero ophunzira mbiri ya zolemba za Chixhosa amaitenga ngati chizindikiro cha pamene nkhondo inasamukira papepala.

Nanga munthu wotereyu anapezeka bwanji m'ndende?

Nkhani yake inachokera pa chuma cha masiye. Mkhristu wina wa mumpingo mwake anamwalira mu 1907, ndipo wilo imene inatuluka inkapereka katundu kwa m'busayo. Panabuka mkangano, Wauchope n'kuimbidwa mlandu wolemba wilo yachinyengo. Mu 1910 khoti linamupeza wolakwa n'kumulamula kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka zitatu. Anakaugwira ku ndende ya Tokai, kufupi ndi Cape Town, ndipo anatuluka mu 1912.

Akatswiri amene aunikanso mlanduwu, monga Jeff Opland, amakayikira ngati umboni unali wokwanira kumangira munthu. Ine ndingowonjezerapo chimodzi: m'busa kupezeka mu wilo ya nkhosa yake ndi nkhani imene imanunkha ngakhale pamene palibe chinyengo, ndipo munthu wodziwa makhoti ngati iyeyu anayenera kuitalikira. Kaya analakwa kaya anamunamizira, chimene chinatsatira n'choonekeratu. Guwa linamuchoka, ulemu umene anaumanga kwa zaka 30 unagwa. Koma cholembera sanachitaye. Ndakatulo zimene analemba ali ku Tokai zinasindikizidwa mu Imvo, ndipo zimawerengedwa kuti ndi zolemba zoyamba za m'ndende m'Chixhosa.

N'chifukwa chiyani nkhalamba ya zaka 64 inalembetsa kupita kunkhondo?

Choyamba, sikuti ankapita kukamenya. Boma la South Africa linakanitsitsa kupereka mfuti kwa munthu wakuda pa nkhondo imene linkaiona ngati ya azungu okhaokha. Pamene Walter Rubusana, mtsogoleri wina wa akuda, anadzipereka kuti asonkhanitsa amuna 5,000 oti akamenye nawo, anamuyankha kuti sakufunika. Koma nkhondo itafika povuta, Britain inasowa anthu otsitsa katundu m'madoko a ku France, odula mitengo, ophwanya miyala ndi okonza misewu ndi njanji. Ndiye mu 1916 panakhazikitsidwa gulu lotchedwa South African Native Labour Contingent, ndipo amuna pafupifupi 21,000 anawoloka nyanja. Gulu lotere linkafunika anthu odziwa Chingelezi ndi zilankhulo za kwawo. Wauchope analowa ngati kalaliki ndi wotanthauzira, ntchito yake yakale ija, ngakhale kuti amuna a m'sitimamo ankamuona ngati m'busa wawo.

Chachiwiri, akuda ophunzira a m'badwo wake ankakhulupirira kuti kukhulupirika kwa mfumu ya ku England kudzalipidwa. Mu 1913 boma linali litakhazikitsa lamulo la malo limene linasiyira akuda gawo la pafupifupi 7 pa 100 alionse a dziko lawo lomwe. Nkhondo itayamba, atsogoleri awo anaimitsa kaye madandaulo a lamulo limeneli, poganiza kuti akathandiza pa nthawi ya mavuto adzamvedwa pa nthawi ya mtendere. Ndipo kwa munthu amene anali atakhalapo m'ndende, wopanda mpingo, ulendowu uyenera kuti unaonekanso ngati mpata woyeretsa dzina.

Kuno kwathu m'busa wina anayankha funso lomweli mosiyana. Mu November 1914, John Chilembwe analembera kalata Nyasaland Times yodandaula kuti akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mu January 1915 ananyamula zida. Abusa awiri, onse ana a mishoni, nkhondo imodzi. Wina anakana, wina anavomera, ndipo onse awiri sanaione nkhondoyo ikutha.

Kodi usiku umenewo chinachitika n'chiyani?

Mendi inali sitima ya kampani ya Elder Dempster, yolemera matani 4,230, imene isanabwerekedwe ndi boma inkayenda pakati pa Liverpool ndi madoko a kumadzulo kwa Africa. Inanyamuka ku Cape Town mu January 1917 ndi amuna 823 a gulu lija. Inaima ku Lagos, kumene anaiika mfuti yaikulu kumbuyo, n'kupitirira mpaka ku Plymouth. Pa 20 February inachoka ku Plymouth kulowera ku Le Havre, ikuperekezedwa ndi sitima yankhondo ya HMS Brisk. Ulendo wa mwezi wathunthu ndi masiku unali utatsala ndi maola owerengeka.

Usiku kunagwa chifunga chochindikala. Kaputeni wa Mendi, Henry Yardley, anachepetsa liwiro ndipo ankaliza chenjezo monga mwa lamulo. Cha m'ma 5 koloko m'mawa, kukadali mdima, m'chifungamo munatulukira sitima ina yotchedwa Darro, yolemera matani opitirira 11,000, ikuthamanga ndi liwiro lake lonse, osaliza chenjezo lililonse. Mphuno yake inalowa m'nthiti mwa Mendi, mbali ya kumanja chakutsogolo, ngati nkhwangwa pa thunthu la nthochi. Pamene inalowapo ndi pomwe panali zipinda za pansi zimene kale munkakhala katundu, ndipo tsopano munkagona anthu. Ena anafera pa mphasa pomwepo. Ena madzi anawatsekera asanapeze makwerero.

Otsalawo anakwera pamwamba n'kukaima m'malo amene anawaphunzitsa paulendo. Sitima inapendekeka, mabwato ena opulumukira sanatheke kutsitsidwa, komanso ngakhale akanatsika onse sakanakwanira anthu onsewo. Ambiri anangodumphira m'madzi atavala zoyandamitsa, kukangamira ziphaka. Pasanathe mphindi 25, Mendi inali itapita pansi.

Sitima ziwiri zinali pomwepo. Bwanji anafa ochuluka chonchi?

Chinapha ambiri ndi kuzizira. February ndi pakati pa nyengo yachisanu ku England, ndipo m'madzi otere zala zimauma msanga moti munthu amataya chingwe chimene wagwira osafuna. Ambiri mwa amunawa anali a kumtunda, osadziwa kusambira, ndipo ena nyanja anaiona koyamba ku Cape Town. Chimene chikanawapulumutsa n'kuwavuula mwamsanga.

Amalinyero a Brisk anatsitsa mabwato awo n'kumapalasa mumdima ndi m'chifunga, kutsata mawu a anthu olira. Darro inaima chapafupi kwa maola angapo, koma kaputeni wake, Henry Stump, sanatsitse bwato ngakhale limodzi. Amene anapulumukira mu Darro ndi okhawo amene anakafika okha pa sitimayo. Ena amati Stump ankaopa sitima zoyenda pansi pa madzi za Germany, ena amati sanaone chifukwa choikira moyo pachiswe kaamba ka anthu akuda. Khoti lofufuza za ngoziyi linamupeza wolakwa pothamanga m'chifunga, posaliza chenjezo, ndi posathandiza anthu omira. Chilango chake chinali kumulanda chiphaso cha ukaputeni kwa chaka chimodzi. Wauchope anagamulidwa zaka zitatu za kalavulagaga chifukwa cha pepala limodzi.

Kodi mawu otchuka aja analankhuladi?

Nkhani imene imakambidwa imati sitima ikupendekeka, m'busayo anakweza mawu n'kuuza amunawo kuti akhazike mtima pansi, pakuti imfa imene anadzera yafika. Akuti anawauza kuti iye Mxhosa akuwatenga onse, Azulu, Aswazi, Apondo ndi Asotho, ngati abale ake, ndipo afe monga abale, ana a Africa. Ndi kuti ngakhale nthungo anawasiyitsa kwawo, mawu awo adakali nawo. Akuti pamenepo amuna anavula nsapato n'kuyamba kuponda gule wa imfa mpaka madzi anawamiza.

Nkhaniyi sipezeka m'maumboni amene anaperekedwa mu 1917. Inayamba kulembedwa patapita zaka zambiri, itayenda kale pakamwa m'misonkhano yokumbukira Mendi. Wolemba mbiri Albert Grundlingh ndi mmodzi mwa amene amaikayikira, ndipo zifukwa zake n'zomveka: mdima, chifunga, phokoso, sitima yopendekeka, zilankhulo zosiyanasiyana, ndi mphindi zochepa. Kuti amuna mazanamazana avine pamalo otere n'kovuta kukhulupirira. Chimene mboni zinanena n'chakuti amunawo anasunga mwambo modabwitsa, osakankhana, osalimbirana mabwato.

Ine ndimaiona chonchi. Kuti m'busa wachikulire alankhule ndi anthu amene ali pafupi naye pa nthawi ya imfa si chinthu chachilendo. Chikanakhala chachilendo n'kukhala chete. Koma mawu osalala amene amawerengedwa pa miyambo lero anasulidwa ndi anthu otsala, amene ankafuna kuti imfa yopanda pake ya abale awo ikhale ndi tanthauzo. Ndipo sanalakwitse posankha pakamwa powaika. Munthu amene mu 1882 ankasonkhanitsa akuda kuti asiye kugawanika ndi yemweyo amene akumupatsa mawu akuti Mxhosa ndi Mzulu ndi pachibale. Chodandaulitsa n'chakuti mawu amene mwina sananene aphimba mawu zikwizikwi amene tikudziwa kuti analemba ndi dzanja lake.

Boma linawachitira chiyani omwalira ndi opulumuka?

Pa 9 March 1917, nduna yaikulu ya South Africa, Louis Botha, inalengeza za ngoziyi m'nyumba ya malamulo, ndipo aphungu onse, azungu okhaokha, anaimirira popereka ulemu. Ulemuwo unathera pomwepo. Opulumuka anapitirizidwa ku France kukagwira ntchito imene anadzera, akugona m'makomboni otchingidwa ndi mpanda kuti asasakanikirane ndi azungu. Mu July chaka chomwecho Mfumu George V inayendera gululi ku Abbeville n'kuliyamikira. Koma nkhondo itatha, boma la South Africa linakana kupereka mendulo kwa nzika zake zakuda zimene zinatumikira m'gululi, pamene anzawo a ku Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland, amene ankanyamula nawo katundu yemweyo, analandira. Lamulo la malo lija silinachotsedwe, ndipo mu 1936 akuda a ku Cape anachotsedwa pa kaundula wa mavoti amene ankakhalapo limodzi ndi azungu. Chiyembekezo chimene chinakweza Wauchope m'sitima chinali chabodza.

Amene anasunga nkhani ya Mendi ndi akuda eni ake. Mlakatuli S.E.K. Mqhayi anailembera ndakatulo, mipingo inkachita mapemphero chaka ndi chaka, ndipo panakhazikitsidwa thumba la Mendi lolipirira ana sukulu.

Manda ake ali kuti, ndipo lero akukumbukiridwa motani?

Alibe manda. Mitembo yochepa yokha ndi imene nyanja inabweza, ina n'kuikidwa ku Portsmouth, ina kutali ku Noordwijk ku Netherlands kumene mafunde anakaitaya. Dzina la Wauchope lili pa chipilala cha Hollybrook ku Southampton, pamodzi ndi mayina a anzake amene sanapezeke. Sitimayo ili pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 40. Inazindikiridwa kuti ndi Mendi mu 1974, ndipo kuyambira 2009 malowo ndi otetezedwa ndi lamulo la Britain ngati manda a nkhondo.

Ulamuliro wa tsankho utatha, South Africa inayamba kubweza ngongole. Mu 1995 Mfumukazi Elizabeth II ndi Nelson Mandela anatsegulira chipilala cha Mendi ku manda a Avalon ku Soweto. Mendulo ya dziko yolemekeza kulimba mtima imatchedwa ndi dzina la Mendi, asilikali apamadzi anatcha sitima yawo ina SAS Mendi ndi ina SAS Isaac Dyobha, ndipo 21 February ndi tsiku la asilikali m'dzikomo. Belu la sitimayo, limene munthu wina analivuula mwachinsinsi, linatulukira mu 2017 ku Swanage ku England, ndipo mu 2018 Theresa May, amene anali nduna yaikulu ya Britain, analipereka kwa pulezidenti wa South Africa, Cyril Ramaphosa, ku Cape Town.

Zonsezi n'zabwino, koma zimalemekeza m'busa wa mphindi 25 zomaliza. Mphunzitsi, wotanthauzira, wandale, mlakatuli ndi mkaidi wa ku Tokai mukamufuna, mukamupeza m'zolemba zake, zimene Jeff Opland ndi Abner Nyamende anasonkhanitsa n'kuzisindikiza mu 2008. Ndipo inu a mipingo imene inaphukira ku Livingstonia, mukamatchula Koyi, Mngunana ndi Ntintili, muzitchulanso wachinayi uja amene malungo anamubweza panjira.